Mchira wa Kwaya Yachiwiri

Ine ndinakula ndikuuzidwa kuti ndili ndi mawu. Osati okoma kwenikweni, koma ofika patali. Kumpingo kwathu ku Ntcheu ndikavomera nyimbo ndili pa benchi ya kumbuyo, ochedwa amene anali akadali panjira ankadziwa kuti ndafika. Nditasamukira kuno ku Laurel mawuwo ndinabwera nawo, ndipo pa mapemphero a amayi a Chimalawi, amene timachitira m'nyumba zathu mosinthana, nyimbo ikayamba kufooka onse amacheukira kwa ine. Ndinkadzimva, sindikana. Munthu woti wadutsa zaka makumi asanu akuimba sayembekezera kuti tsiku lina wina adzamuuza kuti akuchedwa pa nyimbo.

Amene anandilowetsa m'zimenezi ndi mnzanga wa ku Lusaka, mayi wogwira ntchito ku banki ina yaikulu mumzinda wa Washington. Iye ankaimba kale m'kwaya ya anthu wamba imene imakumana Loweruka m'mawa pa tchalitchi china chakale ku Takoma Park. Tsiku lina anandiimbira foni kuti kwayayo ikusowa alito ndi besi.

"Bwelani chabe mumveleko," anatero m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Na bamuna banu mubwele nabo. Ni nyimbo za Chijelemani, koma sizivuta."

Anandinamiza. Zinavuta.

Amuna anga anavomera kupita atamva kuti pakati pa maphunziro pamakhala khofi ndi makeke. Iwo ndi munthu wofatsa, wolankhula pang'onopang'ono, wa besi yozama imene sapanga nayo matama. Mphunzitsi wa kwayayo anali bambo wachikulire wobadwira ku Jeremani, wamtali, woonda, wa nsidze zoyera zimene zinkayamba kukwiya mwiniwake asanakwiye. Atatimva tikuimba aliyense payekha, anatilekanitsa. Amuna anga anawaika m'kwaya yoyamba, ine ndi mnzanga uja m'kwaya yachiwiri. Ndinadabwa, chifukwa ndinkaona kwaya imodzi yokha, ya anthu pafupifupi makumi anayi.

Tchalitchicho chili ndi makonde awiri a m'mwamba, lina kumanja lina kumanzere, oyang'anizana, ndipo pakati pake pali danga lalikulu pamwamba pa mabenchi. Mphunzitsiyo anatikweza masitepe, theka uku theka uko, iye n'kuima yekha pansi pakati. Nyimbo yaikulu ya chaka chimenecho inali salimo la m'Chijeremani lolembedwera makwaya awiri, iliyonse ndi sopulano, alito, tenala ndi besi yake. Asanatiyambitse anatiuza kumene kaimbidwe kameneka kanachokera, ndipo ankaifotokoza nkhaniyo ngati ya m'banja mwake.

Anati zaka mazana anayi zapitazo mumzinda wa Venice, ku Italiya, munali tchalitchi chachikulu kumene akatswiri ankagawa oimba ndi a malipenga m'magulu, kuwaika motalikirana kuti aziyankhana. Mbiri yake inafika mpaka kuseri kwa mapiri, kwa Ajeremani. Mkulu wina wolemera wa kumeneko anatumiza mnyamata wake waluso kuti akaphunzire kwa katswiri wa limba wa mumzindawo. Mnyamatayo anakhalako zaka zingapo, mpaka mphunzitsi wake atamwalira, ndipo atabwerera kwawo anakakhala woyang'anira nyimbo ku Dresden. Koma sanangokopera. Ataliyana ankaimba m'Chilatini, ndipo ulemerero wa phokosolo unkawakwanira. Iye anatenga Masalimo a m'Baibulo la chilankhulo cha kwawo n'kuwagawira makwaya awiri, mosamala kuti liwu lililonse limveke kwa munthu wamba wokhala pa benchi. Ena anatengera, ana a ana awo anapitiriza, mpaka kaimbidweko kanasanduka kawokawo moti Ajeremani ambiri lero sakumbukira kuti kanali kobwera.

Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinakweza dzanja ndili m'mwamba momwemo.

"Aphunzitsi, mnyamata ameneyu anavutikiranji kuwoloka mapiri? Akanabwera kwathu tikanamuphunzitsa pa sabata imodzi. Wina amatsogolera, ena amavomera. Timachita zimenezi paukwati, pamaliro, ngakhale popalira chimanga."

Anthu anaseka, iyenso anaseka. Anafunsa kuti liwu lathulo ndi lotani, ndipo ndinamuuza kuti ndi kuvomera, liwu lomwelo limene timanena mtsikana akalola mnyamata womufunsira. Analikonda, analilemba ndi pensulo pamwamba pa pepala lake la manotsi. Kenako anati kusiyana kwake n'kwakuti muno mulibe wotsogolera, makwaya onse awiri amafunsa ndipo onse awiri amavomera. Ndinangogwedeza mutu. Mumtima ndinati zimenezi ndi zakwathu, Ajeremaniwa aona.

Vuto loyamba linali lilime. Chijeremani chili ndi khalidwe lothetsa mawu mwadzidzidzi, pa t kapena pa k, ngati munthu wakutsekera chitseko ukadali pakhomo. Ife sitinazolowere choncho. Kwathu liwu timaliperekeza mpaka lifike pa a, e, i, o kapena u, n'chifukwa chake tili ndi buku, sukulu ndi tebulo. Ndiye dzina la Mulungu, limene iwo amalidula pa t, ine ndinkaliperekeza ndi ka i kakang'ono. Onse akatseka pakamwa, m'tchalitchi monse munkatsala "ti" wanga akuzungulira yekha. Amuna anga ankachitanso zomwezo, koma besi imabisa machimo ambiri. Ndinalimbana nako ka i kameneko masabata awiri, ndikuyeserera m'galimoto ndi pa sitima ya Metro, anthu akundiyang'ana cham'mbali, mpaka ndinakagonjetsa. Ndinaganiza kuti nkhani yatha.

Koma nsidze zija zinapitiriza kuyang'ana kumanzere, kukhonde la kwaya yathu yachiwiri. Kwaya yoyamba ikamaliza mzere wake, ife tikalowa, mphunzitsiyo ankagwetsa manja n'kunena kuti kwaya yachiwiri yachedwa. Tibwereze. Yachedwanso. Ine ndinkayang'ana anzanga mowadzudzula, makamaka mayi wina wa sopulano amene ndinkamukayikira kuyambira tsiku loyamba. M'makutu mwanga ndinkalowa pa nthawi yake ndendende. Ndinkamva anzathu kutsidyako akutsiriza liwu lawo, ine n'kulilandira pomwepo, monga ndakhala ndikuchitira moyo wanga wonse.

Kutatsala masabata atatu kuti tiimbe pamaso pa anthu, mphunzitsiyo anandiitanira pambali pa nthawi ya khofi. Analankhula mwaulemu, motsitsa mawu. Anati wochedwayo ndine, ndipo chifukwa mawu anga ndi aakulu, alito onse amanditsatira, kenako kwaya yonse yachiwiri imakokedwa. Anati ngati sizisintha, pa salimolo ndidzakhale pansi, nyimbo zina zing'onozing'ono za kwaya imodzi ndidzaimbe nawo.

Ndinali nditaitana kale amayi onse a kumapemphero. Ndinali nditaitananso achimwene ena a ku Mangochi, Asilamu, oyandikana nafe nyumba, amene amayendetsa galimoto ku ofesi ya kazembe wina, ndipo iwo anali atapempha kale tchuthi cha tsikulo kuti adzabwere ndi akazi awo. Onsewa ndinawauza kuti adzayang'ane m'mwamba kumanzere pa nyimbo yaikuluyo. Tsopano adzayang'ane n'kundiona nditakhala pansi, manja pamiyendo, anzanga ataimirira.

Pobwerera ku Laurel ndinayamba kuwauza amuna anga kuti mzungu ameneyu makutu ake akalamba.

"Mayi, ine ndimakumvani," anatero iwo akuyendetsa galimoto. "Tonse kutsidya kuja timakumvani. Kwaya yanu ikanyamuka, inu mumabwera pambuyo pake ngati mchira."

Sindinawalankhule mpaka tinafika pakhomo. Anthu ondidziwa angakuuzeni kuti umenewo ndi mtunda wautali kwa ine.

Mnzanga wa ku Lusaka anabwera ndi nzeru yake. Anati ngati vuto ndi makutu, tiwatseke. Loweruka lotsatira ndinakwera masitepe nditaika thonje m'makutu onse awiri, nditabisa ndi duku. Zotsatira zake sindikonda kuzikumbukira. Posamva anzanga, ndinakweza mawu kuposa kale, ndipo ndinasochera pa noti moti mnzangayo anandigunda ndi chigongono m'nthiti.

"Chosani vintu ivo," anandinong'oneza. "Manje mwachedwa, futi mwasoba."

Mphunzitsiyo anaona ndikuzula thonjelo. Sanaseke, ngakhale nsidze zinanjenjemera. Anandikodola kuti nditsike. Ndinatsika masitepe amenewo ndikudziwa kuti basi, andichotsa pamaso pa onse, ndipo ndinali nditakonza kale mawu oti ndimusiyire. Koma iye anangondiimika pambali pake, pakati penipeni pa tchalitchi, n'kundiuza kuti ndisaimbe, ndingomvetsera. Anakweza dzanja.

Kumwamba kuja ndinali ndisanaimvepo nyimboyi, ndinkangomva theka langa ndi chithunzithunzi cha theka linalo. Pansi apa mawu anachokera kumanja, n'kudutsa pamwamba pa mutu wanga, ndipo asanathe n'komwe ena anali atanyamuka kale kumanzere kudzakumana nawo. Mizere inayamba italiitali, uku ayankhule uko ayankhe, kenako inafupika, liwu limodzi uku limodzi uko, mofulumira, mpaka mbali zonse ziwiri zinagwera pamodzi ndipo benchi imene ndinaigwira inanjenjemera m'dzanja langa. Misozi inalengeza. Ndinasangalala kuti padziko pali chinthu chokoma chotere, ndipo nthawi yomweyo mtima unandiwawa, chifukwa kwaya yachiwiri inali isanaimbepo bwino chonchi ine ndili momwemo. Ngakhale mayi wa sopulano uja analowa pa nthawi yake.

Atawaimitsa, mphunzitsiyo anandifotokozera. Anati mawu amayenda ulendo. Akachoka khonde ilo amawoloka danga lonseli, amagunda makoma ndi denga, ndipo pofika m'khutu mwanga amakhala nkhani yakale. Ndikadikira kuti ndiwamve ndiye ndivomere, ndachedwa kale, ndipo mawu anga nawonso ali ndi ulendo wawo woti ayende kuti afike pansi pano.

"Musamvere khutu, yang'anani dzanja langa," anatero. "Kumwamba kuja mudzamva ngati mwafulumira, ngati mwawadula anzanu pakamwa. Mukamva choncho dziwani kuti pansi pano zili bwino. Mukamva kuti zili bwino, ndiye kuti mwachedwa."

Ndinamuuza kuti kwathu zimenezo ndi zamwano. Munthu amamva kaye, kenako amavomera. Koma ndikulankhula choncho ndinakumbukira ndili mtsikana, ndikuyang'ana bambo wina akuwaza nkhuni kutsidya kwa dambo. Nkhwangwa inkagwa kaye mwakachetechete, n'kudzukanso, ndiye kenako "go" n'kufika kumene ndinaima. Tinkaseka nazo ndi anzanga, osadziwa kuti pali phunziro. Kwathu timaimba titaunjikana, phewa ndi phewa, wotsogolera ali pomwepo, ndiye khutu silinama. Palibe anandiikapo kutsidya kwa dambo n'kundiuza kuti ndivomere. Nditamuuza za nkhwangwayo, mphunzitsiyo anati ndi zomwezo ndendende, ndipo anawonjezera kuti mwina zaka zambiri za mnyamata uja ku Venice zinathera pa chimenechi, chifukwa manotsi munthu angathe kuwanyamula m'chikwama.

Kumvetsa n'kosavuta, koma thupi lili ndi mwambo wake. Ndinabwerera m'mwamba, ndinayang'ana dzanja, dzanja linatsika, pakamwa panga panakana kutseguka. Khutu linkandigwira ngati mayi wogwira mwana pamsewu, kuti dikira, sanamalize. Tsiku limenelo ndinalowa bwino kawiri, ndinachedwa kasanu ndi kamodzi. Mphunzitsiyo anati tionanso Loweruka lomaliza, ndipo adzagamula pamenepo.

Lamulungu masana tili kukhitchini, ine ndikutsuka mbale iwo akupukuta, amuna anga anayamba nkhani mwa kachitidwe kawo kozungulira.

"Koma mayi, ine zikundidabwitsa. Zaka zonsezi tili pabanja, m'nyumba muno ine sindinamalizepo chiganizo, chifukwa ndisanafike n'komwe pa..."

"Ndiye mukufuna kunena kuti ndine wolongolola?"

"Mwaonatu," anatero, akupukuta mbale modekha. "Kuno mumandivomera ndisanamalize. Kutchalitchi kokha ndiye mwasanduka waulemu. Mumadziwa bwanji kuno kuti ndatsala pang'ono kumaliza?"

Ndinafuna kupsa mtima, koma funsolo linandigwira. Ndinaima ndi mbale m'manja n'kuganiza. Zoona, sindidikira kumva. Ndimaona. Akamafika kumapeto kwa mawu awo, chibwano chawo chimatsika pang'ono ndipo phewa lamanzere limagwa, mpweya ukamatha. Ndakhala ndikuwerenga phewa limenelo kuyambira tili pachibwenzi. Ndinaseka mpaka ndinakhala pampando, iwo akundiyang'ana osadziwa kuti anena chiyani chanzeru.

Loweruka lomaliza ndinasinthana malo ndi mnzanga uja kuti ndiime pamene ndingaone zonse ziwiri, dzanja la mphunzitsi pansi ndi mzere wa besi kutsidya. Amuna anga anaima kumapeto, dazi lawo likuwala ndi kuwala kwa pawindo, osavuta kuwapeza. Kwaya yoyamba inaimba mzere wake. Ndinaona phewa lija likuyamba kugwa, ndinakoka mpweya, ndipo dzanja potsika linandipeza ndili wokonzeka. Ndinalowa. M'makutu mwanga zinamveka zoipa zedi, ngati ndalowerera nkhani ya akuluakulu. Koma manja a mphunzitsi sanagwe. Tinapitirira mpaka kumapeto osaimitsidwa, koyamba chiyambire. Potuluka mphunzitsiyo anangondiuza kuti mawa ndidzavale zakuda ngati anzanga, ndipo ndidzaime pomwe ndinaima lero. Za phewa sindinamuuze, mpaka pano amakhulupirira kuti linali dzanja lake lokha.

Tsikulo linali Lamulungu masana, kunja kukuzizira. Ndili m'mwamba ndinawaona amayi a kumapemphero akulowa, majasi pamwamba zitenje pansi, atadzaza mabenchi awiri pakati penipeni, malo abwino kuposa onse ngakhale iwo sankadziwa. Achimwene a ku Mangochi ndi akazi awo anakhala cha kumbuyo. Mayi wina anandiona n'kundikwezera dzanja ngati tili pa depoti ya basi. Kuyeserera ndi kwina, koma apa ndinkadziwa kuti mantha akandigwira ndibwerera ku khutu, ndipo ndikokera anthu makumi awiri m'dzenje pamaso pa alendo anga omwe.

Za nyimbo zing'onozing'ono sindikumbukira kanthu. Salimo litafika, kwaya yoyamba inayamba, ndipo ndinamva khutu lija likundikoka malaya monga kale. Ndinalikana. Phewa, mpweya, dzanja, kulowa. Nthawi iliyonse zinkamveka ngati ndalakwa, ndipo nthawi iliyonse ndinkalakwa dala. Pamene mizere inafupika, liwu uku liwu uko, panalibenso nthawi yoopa, tinkangoponyerana. Kenako tonse tinagwera pamodzi, mawu asanu ndi atatu, ndipo pa liwu lomaliza ndinatseka t wanga pamodzi ndi anthu makumi anayi. M'tchalitchi munakhala zii kanthawi, kenako anthu anawomba m'manja, ndipo kuchokera pa mabenchi awiri aja kunamveka nthungululu imene inadzidzimutsa azungu a kutsogolo.

Koma ine sindinadziwe ngati zinayenda. Woimba m'mwamba samva zimene zamveka pansi. Amayi aja anandikumbatira n'kunena kuti zinali ngati kumwamba, koma iwo akananena zomwezo ngakhale ndikanachedwa ndi mzere wathunthu. Achimwene a ku Mangochi anati sanamve liwu ndi limodzi lomwe la Chijeremani koma tsitsi linawaimirira. Mnzanga wa ku Lusaka anali pambali panga nthawi yonseyo, ndiye anamva zomwe ndinamva ine. Mphunzitsi anali atazunguliridwa ndi anthu, ndipo ndinachita manyazi kukaima pamzere kuti ndifunse ngati mwana wa sukulu. Munthu mmodzi yekha amene ankandimva kuchokera kutsidya masabata onsewa, ndipo sakanandinamiza, anali amene anali ndi makiyi a galimoto.

Tinatuluka mu Takoma Park dzuwa likadalipo. Ndinadikira. Iwo anayatsa chotenthetsera, anakonza galasi, anadandaula za galimoto ya patsogolo. Titalowa mumsewu waukulu ndinalephera kupirira.

"Ndiye simunena kanthu?"

"Za chiyani?"

"Bambo, musandiyese."

Maso awo sanachoke pamsewu.

"Lero sindinakumveni," anatero.

Mtima unandipsa nthawi yomweyo. Ndinawauza kuti ndaimba mpaka kukhosi kwandiwawa, kuti masabata atatu ndakhala ndikuvutika, kuti ngati iwo anali kuganiza za makeke m'malo momvetsera anene. Anandisiya ndithe.

"Ndinatchera khutu ndithu," anatero. "Mzere uliwonse ndinkakufunafunani, chifukwa ndinazolowera kukupezani kumbuyo kuja muli nokha. Lero ndinafufuza mpaka nyimbo inatha. Ndinangomva kwaya yachiwiri."

Chimenechi ndi chimene ndinkachifuna, ndipo nditachipeza chinandipweteka pang'ono, sindinama. Chibadwire anthu akhala akundiyamikira chifukwa andimva, pamwamba pa onse, mpaka panja. Palibe anali atandiyamikirapo pondiuza kuti sanandimve, ndipo sindinkadziwa kuti kungakome chonchi. Ndinatembenukira kuwindo kuti asaone maso anga, n'kuwauza kuti ayang'ane kutsogolo, angatiphonyetse pokhotera ku Laurel.